Mizere Makumi Anayi ya Efulemu

Kuseri kwa Golo,
Bwalo la Chigafa,
Mitundu.
Lolemba, sabata ya fainolo.

Kwa Olemekezeka Bambo Wapampando,
Komiti ya Chikho cha Msangu,
Kulikonse kumene galimoto yanu yaima lero.

Bambo Wapampando,

KUTHOKOZA CHIFUKWA CHA MAYESO A OSEWERA

Ndavula chipewa, ndakhala pampando waufupi kuti mutu wanga usapose wanu, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndikubereni mphindi zochepa. Ndikudziwa kuti masiku ano mumawerengera ngakhale masekondi. Ine ndine mphunzitsi wamba wa Sitandade 6 kuno ku Mitundu. Kale, tsitsi lidakali lakuda, ndinkatchinga kumbuyo m'timu ya Chigafa, timu ya matenanti a m'maesiteti a fodya ndi ana awo. Lero ntchito yanga pa timuyi ndi kuima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golo n'kumalangiza anthu amene sakundimva. Za sayansi ya mpira sindizidziwa. Maondo anga amangodziwa kulosera mvula. Ndiye ndikalakwitsa m'kalata muno, mundikhululukire ngati mwana.

Ndalemba poyera, osati m'envelopu, chifukwa makalata awiri amene kochi wathu Calvin anatumiza ku ofesi yanu akuoneka kuti alibe liwiro. Yoyamba sinafike mpaka lero. Yachiwiri inafika, koma yankho lake linabwera ndi mawu atatu okha, amene ndiwatchula kutsogoloku.

Nkhani yake mukuidziwa, koma ndiibwereze kaamba ka anzathu owerenga. Loweruka likudzali kuli fainolo ya chikho chanu: Chigafa ya ku Mitundu ikumana ndi Siteji ya ku Nathenje. Mwezi watha munabwera kuchokera ku maphunziro a masiku awiri ku tauni muli ndi satifiketi, chipewa chatsopano, wotchi yowerenga masekondi, ndi lamulo. Lamulolo linati wosewera aliyense wa matimu awiriwa akumane ndi mayeso awiri. Oyamba, athamange mamita makumi anayi masekondi asanu ndi awiri asanathe, kuti tione liwiro. Achiwiri, azungulire bwalo kwa mphindi khumi ndi ziwiri osaima, kuti tione mpweya. Wolephera, khadi lake silisainidwa, ndipo fainolo aionera kunja kwa chingwe.

Khadi la kaputeni wathu, Efulemu Namakhwa, silinasainidwe. Anathamanga masekondi asanu ndi atatu. Ali ndi zaka 37, wasewera m'timuyi zaka khumi ndi zinayi, ndipo kumapeto kwa mwezi uno akubwerera kwawo ku Phalombe ndi banja lake, poti mayi ake akalamba ndipo munda wakwawo ukulowa tchire. Fainolo sanaisewerepo chibadwire. Iyi ndi yoyamba, ndiyonso yomaliza.

Koma ine sindinabwere kudzadandaula, Bambo. Ndabwera kudzathokoza, ndipo mathokozo anga ndawapatsa manambala monga mumachitira m'makalata anu.

1. Ndikuthokoza kuti mwatichotsa mumdima. Ife tinakula osadziwa kuti munthu amayesedwa. Masiku amenewo tikakhala ndi mpira ku Nathenje tinkanyamuka kutangocha, njinga zinayi anthu khumi ndi asanu, mosinthana: wina akwera, wina athamanga pambali atagwira kaliyala. Phiri la Bunda linkatsalira m'mbuyo pang'onopang'ono, ngati woperekeza mlendo amene sakufuna kubwerera. Tinkafika miyendo itayera ndi fumbi, kumwa madzi a pachitsime, kutafuna nzimbe, n'kulowa m'bwalo opanda nsapato. Mpira ukatha, ulendo womwewo wobwerera, tikuimba ngati tawina, tikulozana zala ngati taluza. Sitinkadziwa kuti zimenezo zili ndi dzina m'mabuku. Tinkangoti uje ali ndi mpweya, uje ndi waliwiro, ndipo uje, monga ine, ali ndi mtima wabwino basi. Tsopano inu mwabwera ndi wotchi. Zikomo kwambiri. Zaka zonsezi tinkatopa mwaumbuli.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha chifundo chimene Komiti inaonetsa pa mayeso a mpweya. Tsiku limene oyesa anu anabwera ku Mitundu dzuwa linali litalusa ndithu. Atamaliza za liwiro, gulu loyamba la osewera asanu ndi mmodzi linayamba kuzungulira bwalo. Pofika mphindi yachinayi, a Mlembi anu anasuntha mpando kuulowetsa mumthunzi. Mphindi yachisanu ndi chiwiri, a Msungichuma anafunsa ngati wotchi sinaime. Mphindi yachisanu ndi chinayi wezulo inalira, ndipo tinauzidwa kuti mayeso a mpweya athetsedwa m'matimu onse awiri chifukwa akudya nthawi. Ndani angatsutse? Mphindi khumi ndi ziwiri ndi zambiri kwa munthu wokhala pansi.

Efulemu anali m'gulu limenelo. Wezulo sanaimve poti anali tsidya lina la bwalo, ndiye anapitiriza kuzungulira yekha, ndipo anaima ataona fumbi la galimoto ya oyesa likulowera chakumsika. Anabwera pamtengo wa mango paja, osachita n'komwe wefuwefu, n'kundifunsa kuti, "APhunzitsi, nanga alendo aja apita bwanji osatsanzika? Kapena ndimachedwa?" Motero mayeso amene iye akanaposa nawo aliyense anafera mumthunzi, ndipo amene anatsala ndi amene amutsekera kunja.

3. Ndikuthokoza chifukwa chosunga bwino tepi yoyezera ya Komiti. Tikumva kuti inabwerekedwa kukayeza maziko a nyumba ina, ndipo nyumbayo ikukula bwino, timaiona tikamadutsa. Mwini wake sindimutchula, chifukwa ndamva kuti mumameta naye pagalasi limodzi.

Popanda tepi, a Mlembi anu anaonetsa nzeru zimene m'maphunziro a ku tauni mulibe. Mabwalo athu onse awiri, la ku Nathenje ndi la kuno, achita malire ndi minda, ndipo chilimwe chino mizere ya chaka chatha ikuonekabe, yafika m'mphepete mwa bwalo ngati mano a chipeso. A Mlembi anayang'ana mizereyo nati, "Tivutikiranji? Mzere umodzi ndi mita imodzi. Werengani mizere makumi anayi, mukhome chikhomo uku ndi uku." Calvin atafunsa ngati mizere yonse ili yofanana, anayankhidwa kuti, "Akochi, mzere ndi mzere. Inu munaonapo mzere waukazi ndi waumuna?" Anthu anaseka, ndipo Calvin, amene ndi munthu wamanyazi, anabwerera kubenchi.

4. Ndikuthokoza chifukwa cha chozizwitsa cha ku Nathenje. Kumeneko osewera onse khumi ndi asanu ndi atatu anakhoza, ambiri masekondi asanu asanathe. Goloboyi wawo, munthu amene jezi yake imathera pamwamba pa mchombo, anafika pachikhomo wotchi isanadzuke n'komwe. Ndamva kuti wogulitsa chimanga chowotcha pamsewu anapempha kuti ayeseko, ndipo anakhoza atavala patapata, chimanga chili m'manja. Inuyo munaima pamaso pa anthu n'kulengeza kuti Nathenje yabereka anthu aliwiro kuposa onse m'boma lino, ndiponso kuti mulemba kalata kwa akuluakulu a mpira kuti adzadzionere okha. Ndikukupemphani modzichepetsa kuti kalata imeneyo ichedweko, monga amachedwera athu.

Kuno kwathu zinthu zinali zina. Anyamata a zaka makumi awiri, amene amapitikitsa nkhanga mpaka kuigwira ndi manja, ankafika pachikhomo maso atatuluka, atangotsala pang'ono kulephera. Atatu analepheradi. Awiri ndi a pabenchi, ndipo atauzidwa kuti sasewera fainolo sanaone kusiyana kulikonse. Wachitatu ndi Efulemu.

Ine nkhaniyi inandisowetsa mtendere. Anyamata a Siteji ndimawadziwa, ndipo ndimawakonda. Ambiri ndi oitanira minibasi pamsewu waukulu, ndipo liwiro ali nalodi: minibasi ikangoti ikhotere kumbali, amaliyatsa kukalanda chikwama cha munthu amene sanaganize n'komwe zokwera. Koma liwiro lawo ndi la mamita makumi awiri, kenako pabenchi mpaka ibwere ina. Kuti onse, mpaka goloboyi, aposeretu anyamata athu chotero, ndinati apa pagona kanthu. Ndiye Loweruka lapitali m'mawa ndinatenga rula ya pabolodi, ija ya mita imodzi, ndinaimanga pa kaliyala ndi mphira, n'kupalasa njira yathu yakale ija. Ndinaipeza itatalika kuposa mmene ndinaisiyira.

Nditafika ndinagwada m'mphepete mwa bwalo n'kuyamba kuyeza. Ndisanafike mzere wachisanu ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Bambo inu, mundawu sukugulitsidwa! Wakutumani ndani?" Anali eni munda, Mayi Martina, khasu atalikweza bwino ndithu. Nditafotokoza kuti ndikungofuna kudziwa kutalikirana kwa mizere, khasu linatsika, nkhope inawala. "Ooo, mizere? Ndiye mukuvutikiranji ndi kamtengoko? Yanga ndi sevente-faifi, kuyambira uko mpaka uko. Ndimakoka chingwe ine, sindilima mwachisawawa ngati anzangawa. Kafunseni alangizi, amabwera ndi anthu kudzaonera pano." Ndinayezabe, mwamwambo chabe. Mayiwo sananame ngakhale ndi chikhadabo: masentimita 75, mizere ya chimanga monga amaphunzitsira alangizi.

Bwalo lathu la kuno lachita malire ndi munda wa esiteti, ndipo m'mundamo munali fodya. Bambo Wapampando, fodya ndi bwana, safuna kupanikizika. Masamba ake amafuna malo otambasukira, ndiye mizere yake imatalikirana masentimita 120. Ndinayezanso kumeneko, kawiri. Apa ndivomereze manyazi athu. Zimenezi mwana aliyense wa tenanti amazidziwa asanadziwe a-e-i-o-u. Theka la timu yathu ndi anthu amene anaunga mizere yomweyo ndi makasu awo, Efulemu mmodzi wa iwo. Koma tsiku lija tonse maso anali pa wotchi yanu yatsopano, imene imawala bwino padzuwa, ndipo palibe anayang'ana pansi.

5. Ndikuthokoza chifukwa chondipatsa samu yabwino ya Sitandade 6, imene ndaipereka m'kalasi lero m'mawa osatchula maina. Mizere makumi anayi ya masentimita 75 ndi mamita 30. Mizere makumi anayi ya masentimita 120 ndi mamita 48. Ndiye kuti a ku Nathenje munawachotsera mamita khumi, a ku Mitundu munawaonjezera asanu ndi atatu, ndipo mamita makumi anayi a m'lamulo lanu palibe anawathamanga, kuno kapena uko. Funso lomaliza linali lakuti: munthu wathamanga mamita 48 m'masekondi asanu ndi atatu, nanga mamita 40 angawathamange m'masekondi angati? Ana 52 mwa ana 70 apeza kuti ndi masekondi asanu ndi imodzi ndi kachidutswa, osafika asanu ndi awiri. Otsalawo ndiwaphunzitsanso mawa. Ngati a Mlembi ali ndi mpata, benchi lakutsogolo lili ndi malo.

Ndiye kuti Efulemu anakhoza mayeso anu, Bambo. Anakhoza ali ndi zaka 37, pa nthaka ya fumbi, atangochokera kothirira. Amene analephera ndi mzere.

6. Ndikuthokoza chifukwa cha yankho lanu lalifupi. Calvin analemba kupempha kuti kaputeni ayesedwenso, ndipo pepala linabwera ndi mawu atatu aja: "Komiti siyesa kawiri." Ndi mawu amphamvu, oyenera kulembedwa kumbuyo kwa minibasi. Ndipo ndi oona ndithu, chifukwa mpaka pano Komiti sinayese n'kamodzi komwe.

Kenako munakumana ndi mkazi wa Efulemu, Zipora, pamsika wa Mitundu pamene amagulitsa tomato, ndipo munamuuza mwachikondi kuti mdalayo wakula, angopuma. Zipora anadzandipeza kusukulu, ndipo ndikulemba monga anayankhulira: "Akuti bambo a Tadala apume. Apume kupuma kwake kuti? Ngati n'kwa mphuno, amapuma bwino kuposa a Wapampando, amene anachita wefuwefu pongotsika m'galimoto kudzafinya tomato wanga. Ngati n'kwa pampando, ine ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, sindinakuonepo. Akapeze iwowo mankhwala ake, ndidzawavinira." Ine ndinamudzudzula, Bambo, kuti akuluakulu satchulidwa choncho. Kungoti ndinamudzudzula motsitsa mawu.

Pano mundilole ndisiye manambala pang'ono, chifukwa munthuyu salowa bwino m'manambala.

Efulemu anabwera kuno ali ndi zaka 23, ndi thumba limodzi, mkazi, ndi khanda kumsana kwa mkaziyo. Kayankhulidwe kake ka kumwera tinkakaseka. Anaima kunja kwa bwalo masabata awiri osapempha kanthu, kungotola mpira ukatuluka, mpaka tsiku lina tinaperewera munthu. Ine ndinali m'chaka changa chomaliza. Tinamuika pakati. Ndikukumbuka kuti chigawo chachiwiri chili mkati, ine manja ali m'chiuno, ndinaona munthu akundidutsa kupita kutsogolo, ndipo ndisanamalize kutembenuka anandidutsanso pobwerera kudzatseka malo amene ndinayenera kutseka ndine. Mpira utatha ndinamufunsa kuti mpweya wotero anautenga kuti. Anati, "Achimwene, kunazale kulibe hafu taimu."

Amene sanathirirepo nazale ya fodya sangamve. Makheni othirira awiri odzaza madzi, lina dzanja ili, lina dzanja ilo, kuchokera pachitsime cha kudambo kukwera kupita kumabedi, kutsika, kukweranso, m'mawa ndi madzulo, miyezi iwiri yathunthu mvula isanagwe. Palibe woimba wezulo, palibe wochemerera. Pambuyo pake kuwokera, kupalira, kubandira, kuthyola, kusoka, kukwera ndi kutsika m'chigafa. Amenewo ndiwo maphunziro amene mapapo ake anapitako. Kungoti sapereka chipewa.

Sindikunyoza liwiro, Bambo. Ndani angalinyoze? Palibe chokoma m'bwalo ngati mnyamata wakumphepete akaliyatsa, fumbi likumutsatira, amayi akuimba nthungululu. Mpira wopanda liwiro ndi msonkhano. Koma kuthamanga kamodzi aliyense amatha. Ngakhale ine, njuchi zitandiyamba, ndingadabwitse wotchi yanu. Mpira sufunsa ngati ungathamange. Umafunsa ngati ungathamangenso, ndi kuthamanganso, kakhumi, kamakumi atatu, mapapo akupsa, malovu atauma, kutatsala mphindi khumi. Nthawi imeneyo ndi imene anyamata a masekondi asanu amayamba kumanga zingwe za jombo zimene sizinamasuke, n'kumafunsa woyimbira kuti kwatsala zingati. Nthawi yomweyo ndi imene Efulemu amayamba kuoneka ngati alipo awiri.

Tsiku la mayeso lija, oyesa atapita, Calvin anatulutsa foni yake n'kuuza timu yonse kuti ithamangenso pakati pa zikhomo zija kasanu, kungopuma pobwerera. Ulendo woyamba Efulemu anali wa kumbuyo. Wachitatu anali pakati. Wachisanu anafika yekha pachikhomo, natembenuka kudikira anzake. Kwa iye foni inati masekondi asanu ndi atatu maulendo onse asanu. Iye sanaonjezere kanthu, anzakewo ndi amene ankasungunuka. Mmodzi mwa amene makadi awo munawasaina anagona chagada pakati pa mizere n'kumapempha kuti tikauze mayi ake kuti anawakonda.

Ndipo pali china chimene wotchi siigwira. Efulemu amanyamuka mpira usanamenyedwe, chifukwa amadziwa pamene ugwere. Mu semifainolo, chigoli chimene chatifikitsa kunoku chinalowa kutatsala mphindi ziwiri. Anachimwetsa ndi waliwiro wathu wakutsogolo, ndipo ananyamulidwa m'mwamba, zomuyenera. Koma mpirawo anaulanda ndi Efulemu pafupi ndi golo lathu, nauperekeza mpaka kutsidya, anthu atatu akumutsatira n'kumatsalira mmodzimmodzi ngati matumba ogwa pangolo. Pamene anzake ankavina pakona, iye anali atabwerera kale pamalo pake, akudikira wezulo.

Mwina mukuti fainolo ndi mpira ngati mpira wina uliwonse, ndipo kwa inu n'zoona, chaka chamawa idzakhalanso. Koma tenanti akachoka sasiya kanthu, Bambo. Nyumba ndi ya esiteti. Munda ndi wa esiteti. Mtengo wa papaya umene anabzala pakhomo ndi wa amene adzabwere. Ndaona anzanga ambiri amene tinkasewera nawo akukwera lole ndi mphasa zawo, ndipo patatha mvula ziwiri dzina lawo linali litafufutika ngati choko. Chimene munthu wotere angasiye ndi nkhani, yakuti chaka chakuti, tsiku la fainolo, tinali ndi wina pakati pa bwalo amene sankatopa. Nkhani imeneyo ndiyo ili m'dirowa yanu pamodzi ndi khadi lija.

7. Ndibwerere ku mathokozo. Ndikuthokoza kuti mwagwirizanitsa Mitundu ndi Nathenje, chinthu chimene abusa ndi ankhoswe anachilephera. Nditamaliza kuyeza munda wa Mayi Martina anandipeza kaputeni wa Siteji, Lovemore, amene Efulemu wakhala akumutsekera njira zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkaganiza kuti ndimupeza akukondwa. Anakhala pa kaliyala wa njinga yanga osapempha, nati, "APhunzitsi, ifenso timadziwa kuti pali chinachake. Goloboyi wathu uja masekondi asanu? Ujatu akamapita kukatola mpira kuseri kwa golo timamupatsa kamba wa paulendo. Mukawauze akuluakuluwo kuti mdala uja abwere. Tikawina iye kulibe, a ku Mitundu adzatinena mpaka kumanda kuti tinamenya galu womangirira. Ine ndikufuna ndimudutse ndekha, anthu akuona." Nditamufunsa kuti nanga akamulephera, anaseka. "Ndiye tsiku lonyamuka adzere kuno. Katundu ndidzamukwezera ndine, ndipo mpando wakutsogolo ndimusungira."

Mukuona, Bambo, mphatso yanu ya mamita khumi ngakhale eni ake akuibweza.

Mwini nkhani sanandipemphe kuti ndilembe, ndipo akamva kuti dzina lake lili m'kalata yapoyera achita manyazi sabata yathunthu. Madzulo aliwonse amabwerabe kubwalo, kuthamanga ndi anzake, kuwapopera mpira, kuwakalipira akamayenda. Katundu yense wa ulendo wa ku Phalombe walowa kale m'matumba, kupatula jombo ndi jezi nambala 8, imene Zipora anaichapa n'kuipinda pamwamba pa zonse. Dzulo nditamuuza za mizere ija anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ndiye kuti fodya ameneyu wandidya msana zaka khumi ndi zinayi, pomaliza wandidyanso fainolo?" Tonse tinaseka naye. Koma popita kunyumba sanadutse pakati pa bwalo monga amachitira masiku onse. Anazungulira njira ya kuseri.

Tsopano pempho langa, ndipo ndalipereka ndi manja awiri. Sindikupempha kuti wina achoke pampando, kapena kuti apepese pagulu. Tikudziwa kuti kupepesa kumafuna mpweya wambiri. Ndikupempha dzina lanu lolemekezeka pa khadi limodzi, Lachisanu lisanathe. Cholembera ngati chasowa, kusukulu kuno tili nazo.

Koma ngati nzeru zanu zaona kuti n'zosatheka, ndiye ndili ndi pempho lina, laling'ono kuposa limenelo. Musatume pepala, musatume a Mlembi. Mubwere nokha mudzamuuze mukumuyang'ana m'maso. Mudzamupeza kudambo, akuthirira nazale ya tenanti amene adzalowe m'nyumba yake mwezi wamawa, fodya amene iye sadzamuthyola. Galimoto imalekeza pa mlatho wamitengo. Kuchokera pamenepo ndi kanjira ka miyendo, kutsetsereka popita, chikweza pobwera. Mudzatenge ambulera, ndipo mudzayende pang'onopang'ono monga ukulu wanu ufunira. Za pobwerera musade nkhawa ngakhale pang'ono. Pachikweza paja miyendo ikadzakana, Efulemu adzakuberekani mpaka kugalimoto. Ndi munthu wochedwa, monga mwalembera, koma sanatulepo katundu panjira.

Ine wanu wogwada, ngakhale maondo akukana,

Yotamu Kachiwanda
Wotchinga kumbuyo wakale, timu ya Chigafa